Kwa achemwali a ku Matawale amene mukulandira mbumba yonse pa Khirisimasi

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati amayi anatisiya chaka chatha, ndipo Khirisimasi imene mbumba yonse inkadyera kwa iwo ku Jali tsopano yagwera inu. Anthu akhoza kukwana 30, ndiye mukuda nkhawa ndi ndalama, komanso mukuopa kuti zimene ankachita amayi zingathere m'manja mwanu. Pepani kwambiri ndi zovutazo. Inenso zinandigwera chimodzimodzi apongozi anga atamwalira, choncho mundilole nditalikitseko.

Musanagule ngakhale mchere, imbirani amalume anu. Iwo ndi mwinimbumba, ndipo uthenga woti chaka chino tikumana ku Matawale uchokere pakamwa pawo. Mukauza nokha abale kuti asonkhe, ena adzati mwayamba kudzimva chifukwa muli m'tauni, koma akanena amalume palibe amene angawiringule. Ndipo musapemphe ndalama zokhazokha. Disembala anthu akumudzi amakhala atathira zonse ku fetereza ndi aganyu opalira, Januwale kukudikira fizi. Amene ali ku Jali angabweretse mpunga wa ku Chilwa, nkhuku zachikuda ndi ufa woyera. Amene ali ku Blantyre kapena ku Joni atumize pa Mpamba kapena Airtel Money za mafuta ophikira, shuga ndi makala. Wosowa chilichonse abwere ndi manja ake, ntchito ilipo. Katapila yekha musamuyandikire chifukwa cha chakudya cha tsiku limodzi.

Chaka changa choyamba ndinalakwitsa pomwepa. Ndinafuna kuonetsa kuti ndikwanitsa ndekha. Ndinagula nkhuku zoyera, makireti a zakumwa, ndinaphika ine ndi mwana wanga wamkazi kuyambira mbandakucha, alendo ndinawakhazika pabalaza. Anadya, anathokoza, pofika 3 koloko anali atabalalika. Chimene chimandipweteka mpaka lero ndi chakuti amalume a amuna anga, omwe ndi Asilamu a ku Domasi, anadyera nkhwani basi. Nkhuku zinali zitazingidwa ndi munthu amene iwo sankamudziwa, ndipo sanafune kundichititsa manyazi pofunsa. Kuno ku Zomba mabanja ambiri ndife osakanikirana, wina wa CCAP, wina wa Katolika, wina wa kumzikiti. Ngati kwanu zili choncho, nkhuku kapena mbuzi azinge m'bale wachisilamu m'mawa, ndipo nkhumba tsiku limenelo isalowe pakhomo. Kuyambira pamenepo amalume aja ndi amene amabwera ndi mpeni wawo, ndipo amalawirira kuposa wina aliyense.

Tsono za mwambo, zimene ndikuona kuti ndi zimene zikukusowetsani tulo. Ine ndinazindikira kuti apongozi anga sankaphika chakudya chapamwamba kuposa changa ayi. Iwo ankagwiritsa aliyense ntchito, ndipo nkhani zonse zinkakambidwa pamafuwa. Choncho itanani azakhali kapena amayi aang'ono abwere masiku atatu Khirisimasi isanafike, adzaphike thobwa pamodzi ndi atsikana anu. Chimera chimafuna nthawi: mawere kapena mapira amaviikidwa, nkufunditsidwa mpaka atamera, nkuyanikidwa, kenako nkusinjidwa, ndiye ndi mvula ya Disembala kuyanikako kumavuta. Auzeni akonzeretu kumudzi panopa, kapena mugule chimera mumsika wa Zomba. Phala la mgaiwa liphikidwe pa 23, likazizirako pang'ono athire chimera, ligone, m'mawa mwake aliwiritsenso. Mwana amene waima pamenepo ndi mthiko, nkuona phala lolimba likusungunuka atangothiramo chimera, sadzaiwala. Wanga anafunsa kuti agogo athiramo mankhwala anji, ndipo azakhali anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje, kenako anayamba kumufotokozera mmene amayi awo ankaphikira thobwa la chinkhoswe. Nkhani imeneyo ine ndemwe ndinali ndisanaimvepo.

Anyamata nawo asangokhala pa foni. Awaze nkhuni nkuziika pakhonde sabata yathunthu zisanagwire ntchito, chifukwa nkhuni zonyowa zimachedwetsa nkhomaliro mpaka madzulo. Amange chisakasa kapena akoke lona kuseri, poti mvula ikatsika m'phirimu sichenjeza. Atunge madzi adzaze migolo dzulo lake. Magetsi musawadalire, mbaula ziwiri ndi mafuwa zikhale zokonzeka.

Chakudya chisachuluke mitundu. Kwa anthu 30 ine ndimaphika mpunga wokwana makilogalamu 5 chifukwa ana Khirisimasi amaidziwira mpunga, koma nsima isasowe, akuluakulu sakhuta popanda iyo. Nkhuku zachikuda zinayi kapena zisanu, nyemba, nkhwani wotendera, ndipo ngati bowa wayamba kupezeka mugule kwa amayi amene mumawadziwa. Onjezerani chinthu chimodzi chimene amayi anu ankadziwika nacho. Ngati anali Alhomwe ophika kalongonda, kumbukirani kuti amafuna kuwiritsa nthawi yaitali ndi kutaya madzi kangapo, ndiye aphike munthu wozolowera, dzulo lake. Ngati anali a matemba otendera kapena chigumu cha nthochi, chimenecho chikhalepo ndithu. Mango ali mbwee nyengo ino, palibe chifukwa chogulira zotsekemera zambiri.

Pogawa, nthutumba ipite m'mbale ya amalume, ndipo muwauze ana chifukwa chake. Mwana wamng'ono azungulire ndi madzi osamba m'manja kuyambira kwa akuluakulu, atagwada. Akamwini ndi apongozi awo muwakonzere malo osiyana ngati kwanu amachitirana manyazi. Musawakakamize kukhala tebulo limodzi poti ndi m'tauni, sadzadya momasuka.

Mukatha kudya, anthu asanayambe kutsanzika, yalani mphasa ndipo amalume atchule mbumba yonse mmodzimmodzi: uyu ndi mwana wa uje, agogo ake anabadwa bere limodzi ndi uje. Zimatenga mphindi zochepa, koma ana a ku Lilongwe ndi a ku Jali amadziwirana pomwepo kuti ndani msuweni, ndani mchimwene. Apa mafoni athandize: mmodzi ajambule mawu a amalumewo, muwasunge. Ine ndimadandaula kuti mawu a apongozi anga ndilibe. Kenako wina ayambe kuti “Padangotero”, muone ngati ana sadzayankha “Tili tonse”.

Dzina la amayi lidzatchulidwa, ndipo wina adzalira. Musamuletse. Pempherani, muimbe nyimbo imene ankaikonda kutchalitchi, kenako mupitirize. Ochokera kutali muwakonzere pogona msanga, ndipo a ku Jali anyamuke dzuwa likadalipo chifukwa matola pa 25 amavuta. Muwapatsire thobwa lotsala m'zigubu, ndipo asanatuluke pageti amalume anene kuti chaka chamawa tikumana kwa yani, kuti katunduyu asakhale wa inu nokha chaka ndi chaka. Mukasowa miphika ikuluikulu ndilembereni ku inbox, ndili ku Chinamwali konkuno, ndili nayo iwiri.