Chitsulo chimathyokera m'mbali mwa msoko

Bambo wina wa ku Area 25 wandilembera imelo kufunsa ngati pali njira yoyesera mphamvu ya chitsulo chimene chatenthedwa mwadzidzidzi ndi magetsi, popeza mwendo wa sitandi ya thanki yawo ya madzi wang'aluka pafupi ndi pamene anawotcherera. Bambo, funso lanu latokosa chilonda changa chakale.

Zaka zapitazo ndinapangitsa geti kwa mmisiri wina kuno ku Lilongwe, ndipo ndinakhala pa benchi tsiku lonse kuonerera ntchitoyo. Makina ake owotcherera anali opanga yekha, mawaya okulungakulunga m'bokosi lamatabwa, ndipo akamaliza msoko uliwonse mnyamata wake ankathira madzi a m'chigubu pachitsulo chili chofiira psuu, pofuna kuti ntchito ithe magetsi asanazime. Ine ndinkayamikira changu chawocho. Dzinja limodzi lisanathe, getilo linagwa usiku. Msoko unali bwinobwino, koma chitsulo cha m'mbali mwake, pamtunda wosakwana chala chimodzi, ndicho chinathyoka, ndipo pothyokapo pankanyezimira timibulu tonga shuga. Zinandiwawa kwambiri, chifukwa ndalamazo ndinazisunga movutikira.

Kachigawo kameneka akatswiri amakatchula kuti heat-affected zone. Sikasungunuka, popeza chitsulo chimasungunuka pa madigiri pafupifupi 1,500, koma kamapitirira madigiri 727, pamene mkati mwa chitsulo mumayamba kusintha, ndipo kakazizira mofulumira kamalimba mouma n'kumathyoka m'malo mopindika, makamaka ngati chitsulocho chili ndi kaboni wambiri monga sipuling'i ya galimoto.

Vuto lomweli ndi limene linachititsa akatswiri a pa Rensselaer Polytechnic Institute ku Troy, New York, kupanga makina otchedwa Gleeble m'zaka za m'ma 1950. Kachitsulo konga pensulo kamagwidwa uku ndi uku ndi zopanira za kopa zoziziritsidwa ndi madzi, ndiyeno magetsi amphamvu amadutsa m'kati mwake, moti kamadzitenthetsa kokha monga imachitira waya ya mbaula ya magetsi. Timawaya tiwiri toyezera kutentha timamatiridwa pakati pake, ndipo kutentha kukafika pamene akufuna, makinawo amakakoka mpaka kaduke, akulemba mphamvu imene yafunika. Makina amakono amatha kukweza kutentha ndi madigiri 10,000 pa sekondi imodzi. Ng'anjo singathe kutero, chifukwa imatenthetsa pang'onopang'ono kuchokera kunja, pamene moto wowotcherera umafika m'kuphethira kwa diso.

Ndinene mosabisa kuti amisiri athu ali ndi luso la manja, koma ife makasitomala ndi amene timawaumiriza kuthira madzi, chifukwa timafuna katundu lero lomwe pamtengo wonenerera. Chizolowezi chimenechi chiyenera kutha, makamaka pa zinthu zonyamula katundu wolemera pamwamba pa mitu ya ana athu. Thanki ya malita 5,000 ikadzaza imalemera matani asanu.

Zimene mungachite

Bambo, tsitsani madzi onse m'thankimo lero, ndipo mwendowo usinthidwe wonse, osati kungowotcherera pamng'alupo. Mmisiri amene mungamupeze ayambe wawotcherera tizidutswa tiwiri ta chitsulo chomwecho, atisiye tizizire tokha, kenako atipanitse pa vayisi ndi kutipinda ndi hamala inu mukuona. Tikapindika osang'aluka, mumpatse ntchitoyo.