Mashati otha kolalawo musawataye

Asisi mwafunsa kuti mashati a bambo akunyumba atha kolala ndi m'khwapa, makina a Butterfly muli nawo koma angokhala, ndiye mungasokeko china kapena angopita kokolopera. Musataye, komanso musathamangire sizasi. Shati ya bambo imatha malo odziwika, pakolala pomwe imakhudza khosi, m'khwapa chifukwa cha thukuta, ndi kumapeto kwa mikono basi. Kumsana konse kuja ndi mmunsi momwe amapisira mu thalauzi nsalu imakhala ikadali yolimba.

Chapani kaye musite, kenako tulukani nayo panja muiyang'anitse kudzuwa, likatuluka kumene pajatu ndi Mzuzu uno kkkk. Pomwe pakuonekera ngati sefa ndiye kuti patha, zungulizanipo ndi choko kapena kotsala ka sopo musapagwiritse ntchito. Ikokeninso pang'ono ndi manja awiri, ikayamba kung'ambika isiyeni imeneyo ndi yokolopera, musathere ulusi wanu pachabe.

Ngati vuto ndi kolala yokha musaiphe shatiyo. Matelala apakhonde amangomasula msoko pomwe kolala yalowa mu kakhosi, kansalu koimirira kozungulira khosi kaja, kuitembenuza mbali yothayo ipite pansi, kusokanso, bambo nkuvalanso kuntchito munthu osadziwa. Zokhala ndi timatumba ta tipulasitiki kunsi kwa kolala ndiye sizitheka, zimenezo chotsani kolala yonse musiye kakhosi kokha, imakhala chainizi kola ndipo imaoneka bwino heavy.

Koma poti ndinu oyamba kumene, ine ndingati yambani ndi diresi ya mwana. Mangani mabatani onse, yalani shati patebulo, tengani diresi yomwe mwanayo ikumukwana pano muiike pamwamba, pakati pake pagwere pamzere wa mabatani, mmunsi mwake mufanane ndi mmunsi mwa shati. Lembani mozungulira kusiya mpata wa chala chimodzi wa msoko, mudule mbali zonse ziwiri pamodzi. Apa ndiye pali phindu lonse, mabatani ndi mabowo ake alipo kale, mmunsi ndi mopinda kale ku fakitale, inu mwangotsala ndi mapewa, m'mbali, khosi ndi m'khwapa. Musapeputse za mabowo a mabataniwo, makina athu opalasa ndi phaziwa kaya Butterfly kaya Singer yakale amasoka mzere wowongoka basi alibe zigizagi, msoko wokhotakhota uja, ndiye bowo limodzi lokha kulisoka pamanja mpaka maso kuwawa, ndipo silioneka bwino ngati dzanja silinazolowere. Mabatani mutha kuwasiya kutsogolo kapena apite kumsana, kwa mwana wamng'ono bola kumsana sawatokosa nkuyika mkamwa.

Popeza zigizagi palibe, nsalu ya shati imayoyoka mmisoko ikachapidwa kangapo. Sokani kawiri, koyamba mbali yakunja ili kunja, dulani zotsalira, tembenuzani musokenso kuti m'mphepete mubisale mkati. Mukaona kuti zachuluka pitani nayo kwa telala wa ovaloko, makina osoka m'mphepete mwa nsalu kuti isayoyoke, mutauni akudutsitsireni. Pakhosi ndi m'khwapa dulani kansalu kakatali mopendeketsa, osati mowongoka, kuti kazipindika bwino pokhota, mukadula mowongoka pamachita makwinya.

Mikono iwiri ija imatulutsa kathalauzi ka mwana woyamba kuyenda. Kumapeto kwa mikono kumakhala kumapazi, kumtunda mudule mokhota potengera thalauzi yake ina, mulumikize, lasitiki mchiuno, yatha. Mashati okhuthala amizeremizere aja ndi abwino zedi kuzizira kwa June ndi July kuno, mwana amagona nako.

Thumba la pachifuwa samalani nalo. Mukalichotsa pamatsala timabowo ta singano komanso mtundu wake umakhala wakuda kuposa kwina poti dzuwa silimafikapo, ndiye kapena lisiyeni, kapena phimbanipo ndi kachitenje. Zidutswa za chitenje pemphani kwa telala, kapena kagulani kumsika wa Taifa musoke thumba, pakhosi ndi kalamba zofanana, palibe anganene kuti inali shati. Singano nambala 14 ndi yokwana, ya jinzi ikani 16. Zonyezimira za poliyesitala zija ine sindizikonda, zimaterera pansi pa singano ndipo ayironi ya makala ikangopsa pang'ono zasungunuka, yambani ndi za kotoni.

Ya inuyo akulu, bulauzi kapena siketi, imafuna shati yokulirapo ndithu kuposa thupi lanu, ngati bambo ndi ochepa thupi sizikwana. Pitani pa kaunjika kumsika wa Zigwagwa mukafufuze ma XXL omwe anthu amawadumpha aja, belo likapita kumapeto amatsika mtengo. Ena akuuzani kuti mabatani achibambo amakhala kumanja achizimayi kumanzere, nzoona, koma mu minibasi palibe amene adzakuwerengeni mabatani.

Ndipo muwafunse kaye eni ake musanadule, imene mukuiona yakutha kwambiriyo mwina ndi imene amaikonda, tingamve kuti nkhani yafika kwa ankhoswe chifukwa cha shati kkkk. Mukasoka yoyamba mutiponyere chithunzi muno.