Zithunzi zili pa cloud, nanga makiyi ali ndi ndani?

Mayi ena andilembera imelo. Akuti foni yawo yadzaza, ndipo mwana wawo akuwauza kuti angotumiza zonse pa cloud (malo osungirako zinthu pa intaneti) n'kufufuta za m'foni. Akufunsa ngati pali choopsa.

Mayi, funso lanu landikumbutsa azakhali anga. Foni yawo inabedwa m'minibasi, koma sanade nkhawa kwenikweni poti zithunzi za chinkhoswe cha mwana wawo ndi za makalata a malo zinali pa cloud. Tinagula foni ina. Pasiwedi, azakhali? Sakuidziwa. Imelo anawatsegulira ndi mnyamata wa pashopu pomwe anagula foni yakale, ndipo nambala ya foni yolandirira code yolowera mu akaunti analembetsa yake. Titapita kukamufuna tinapeza pamalopo akugulitsa kaunjika. Fomu yobwezeretsera akaunti inafunsa zinthu zimene azakhali sanazimvepo chibadwire. Palibenso kauntala yoti n'kupitako ndi chiphaso cha unzika n'kunena kuti ndine mwiniwake. Zithunzizo mwina zikadalipo, koma azakhali sadzazionanso.

Ichi n'chifukwa chake zimandikwiyitsa anthu akamati za pa cloud sizitayika. Cloud ndi kompyuta ya eni ake, inu ndinu wa lendi basi, ndipo malamulo amasintha iwo. Mu Januwale 2012 boma la America linatseka Megaupload, tsamba la pa intaneti losungirako mafayilo, ndipo amene ankasungako mafayilo awoawo anatsekeredwa kunja limodzi ndi akuba mafilimu. Google Photos, pulogalamu ya Google yosungira zithunzi pa cloud, inkalola kusunga zithunzi zopanda malire mwaulere mpaka pa 1 Juni 2021. Lero zonse zimadya pa 15 GB yomwe mumagawana ndi Gmail ndi Drive, ndipo ikadzaza maimelo amasiya kulowa. Kuyambira Disembala 2023 Google ikhoza kufufuta akaunti yomwe yakhala zaka ziwiri osaigwiritsa ntchito. Ganizirani akaunti za abale athu amene anatisiya.

Palinso za chinsinsi. Mu 2014 zithunzi zamseri za akatswiri a mafilimu a ku America zinabedwa pa iCloud, cloud ya kampani ya Apple, ndipo akubawo ambiri anangotumiza maimelo abodza, eni ake n'kupereka okha mapasiwedi. Ife timajambula chiphaso, khadi la ku banki, chikalata cha kuchipatala, foni n'kumazikweza yokha usiku tili mtulo, bandulo ikutha. Za nambala nazo musaiwale: SIM ikagona nthawi yaitali, nambalayo amaipereka kwa wina, ndipo code yanu izipita kwa mlendoyo.

Zofufutazo

Apa mwana wanu ndamukana. Mapulogalamu ambiri amafananitsa za m'foni ndi za pa cloud, moti mukafufuta chithunzi m'kati mwa Google Photos chimachokanso pa cloud. Batani lake lopezera malo m'foni lilipo, amalitcha Free up space, gwiritsani limenelo. Koma ngakhale mutatero, mwatsala ndi kope limodzi lokha, lomwe lili m'manja mwa ena.

Musanafufute kanthu, koperani zofunika pa memory card kapena flash, muisunge kunyumba. Sinthani pasiwedi nokha, muilembe m'kabuku, ndipo onani ngati nambala ndi imelo yobwezeretsera akaunti zili zanu. Zithunzi za chiphaso ndi khadi la ku banki zichotseni pa cloud lero.