CV yanga ndinaipeza itakulunga zitumbuwa ku Kanengo

Achimwene za CV ya papepalazi musandiyambitse chonde, ndangowerenga funso lanuli loti kodi kupereka CV ya papepala pofunsira ntchito kukadali kothandiza masiku ano, mtima wayamba kale kuwawa. Ine 2019 ndinali ndi dipuloma yanga ya akaunti ndikukhala kwa azakhali ku Area 25, ntchito yanga inali imodzi basi, kulawirira pa golosale ya abambo ena kukabwereka Nation ndi Daily Times, kukopera mavakansi mu kope, kenako kukapulinta. Envelopu ya khaki imodzi munkalowa kalata, CV masamba atatu, fotokope ya MSCE, ya dipuloma, ya chitupa cha unzika, ndipo akalemba kuti certified copies nde kuti pepala lililonse likadindidwe kwa commissioner of oaths, chidindo chilichonse ndi ndalama. Ndalama zake zinali zomwe azakhali ankandisiyira za ndiwo ine nkumadulako, mpaka lero sakudziwa chifukwa chomwe bonya ankachepera mu mbale.

Nde kampani ina ku Kanengo, dzina sinditchula, inalengeza kuti ikufuna accounts assistant, makalata akaperekedwe pamanja. Ndinayenda wapansi kuchokera ku 25 kuti ndisunge ya minibasi, Okutobala ameneyo, dzuwa lija mukulidziwa, shati yoyera yobwereka kwa msuweni wanga inafika pa geti itasanduka yofiira ndi fumbi la mathiraki. Mlonda anangondiyang'ana kuyambira nsapato nkuti mkati simulowa, siyani pompano. Ndinati bwana palibe buku loti ndisaine? Akuti buku lachani, mukundikayikira? Kenako anatsitsa mawu, akuti makalata ndi ambiri mphwanga, koma ukandiganizira ya Fanta yako ndiyiika pamwamba. Ndinamupatsa K500 yomwe ndinasunga poyenda wapansi ija. Anaponya envelopu mu katoni pansi pa tebulo, ine nkumathokoza mpaka kuwerama, uchitsiru wake.

Patatha masabata atatu foni ili zii, ndinabwererako kukafunsa. Njala itandigwira ndinaima pa mayi wina wogulitsa zitumbuwa chapafupi ndi geti pomwe amadyera madalaivala, ndagula ziwiri, wandikulungira mu pepala. Ndikudya ndikuona mafuta alowerera pepala lija zilembo zikuoneka, Hobbies, reading and watching football. Ndinaseka ndekha kuti kaya ndi mphawi mnzanga uti ameneyu. Kutembenuza, nambala yanga ya foni. Pansi pake dzina la aphunzitsi anga aku koleji omwe ndinawapempha mwaulemu kuti akhale referee, mafuta ali noninoni pa dzina lawo. Abale inu manja anayamba kunjenjemera, chitumbuwa chinakanirira pakhosi. Ndawafunsa mayi aja kuti mapepalawa mumawatenga kuti, iwo osadziwa kanthu angokweza beseni kundionetsa mulu wonse, akuti timagula kwa alonda mwanangu, ndi abwino ndi olimba kuposa nyuzi. Ndinavundukula pang'ono, madigiri a anthu, mafotokope a zitupa nkhope zikuoneka bwinobwino, kalata ina yolemba pamanja mwaluso kwambiri ya mtsikana wina wochokera ku Mchinji, mwina anakwera basi kudzangosiya imeneyo. Fotokope yanga ya MSCE ndinaipeza chidindo chili pompo, stepulala yokha anachotsa.

Ndinapita kwa mlonda uja pepala lili m'manja, mukudziwa anandiyankha chani? Akuti nde umafuna ndiwadye mapepalawo? Malo anadzadza kalekale, analowa mwana wa mlongo wawo wa abwana vakansi isanatuluke nkomwe mu nyuzi. Za K500 yanga akuti sakundikumbuka. Koma mlondayo ndimamukhululukira pena, malipiro awo timawadziwa. Amene sindidzawakhululukira ndi a HR okhala mu ofesi yozizira aja, munthu mwamusankha kale nde mukuvutitsiranji ana a eni? Mukungofuna fayilo ioneke kuti munalengeza basi, katoni yonse osaitsegula ngakhale envelopu imodzi, zitupa za anthu nkumamwazika pa msewu poti aliyense atha kutola nkukapanga nazo zake. Mulungu akuoneni ndithu.

Nde langizo langa achimwene, mapepala asiyeni, asakudyereni ndalama. Chigwetsereni kwacha ndi 44% mu Novembala 2023 kupulinta ndi fotokope zinakwera zonse, simungalimbe kumwaza maenvelopu ngati kale. Konzani CV masamba awiri, isungeni ngati PDF, fayiloyo ilembeni dzina lanu osati document1 final final, masatifiketi muwasikane bwino kamodzi osati kujambula ndi foni ali pa mphasa chala chikuoneka. Mabungwe ambiri pano amafuna imelo kapena mudzaze pa webusaiti yawo, bandulo ya tsiku limodzi mutumiza malo khumi. Imelo yake ikhalenso ya ulemu, zija za sweetboy265 ayi.

Komabe musayende opanda pepala mu chikwama, ndikunena zoona. Ntchito zambiri za boma ndi za kumakhonsolo amafunabe kalata ya pa positi kapena yopereka pamanja, masukulu a pulaiveti, malodge, mashopu aku Area 2 kapena ku Limbe bwana wake imelo satsegula, amafuna akuone nkhope. Mukukumbuka 2020 anthu anapondana ku Mzuzu pa ma walk-in interview a zaumoyo aja? Aliyense pamenepo anali ndi envelopu m'manja, wa PDF akanaonetsa ndani. Ndipo ineyo ntchito ndikugwirayi ndinaipeza ndi pepala lomwelo kkkk. Ku maliro ku Mponela 2021, ndakhala pa benchi ndi bambo wina tikudikira nsima, nkhani nkhani akuti akusowa wowerengera ndalama pa bizinesi yawo ya mbewu, ine CV inali mu chikwama yopindika pakati, ndinangoisolola pompo anthu akuimba. Lolemba anandiimbira. Pomwe maimelo ndinatumiza chaka chimenecho osawerengeka, anandiyankha ndi amodzi okha, nawonso anali akuba ofuna ndiwatumizire ndalama ya medical pa foni ndisanaone ndi ofesi yomwe. Ameneyo akakupezani mubulokeni, ntchito yeniyeni salipiritsa.

Chachikulu osasiya envelopu pa geti. Limbanani mufike pa risepushoni, musaine mu buku, mufunse dzina la amene walandira, akakana bwererani nayo kunyumba. Ma original osasiya kwa munthu olo atalumbira bwanji. Ndipo wina asandifunse mu makomenti, eya zitumbuwazo ndinamaliza zonse ziwiri, ndinali nditalipira kale.