Funsani Ojambula: Mawaya a Mpanda, Galasi ndi Maluwa Ofiira

Makalata a mwezi uno achuluka a anthu amene anakayenda kumalo osungirako nyama ndi kuminda ya maluwa, n'kubwerako ndi zithunzi zosawasangalatsa. Tasankhapo anayi.

FUNSO: Akonzi, ndinapita ndi ana kumalo osungirako nyama a Munda Wanga ku Chilanga. Ndili ndi kamera ya lenzi ya 70-300mm, koma pa zithunzi zonse mawaya a mpanda ndiwo akuoneka bwino, nyama ili mbuu kumbuyo. Kodi kamerayi yawonongeka? — Bambo wa ku Lusaka

YANKHO: Kamerayo ili bwinobwino, bambo. Mukaisiya isankhe yokha, imagwira chinthu chimene chili pafupi, ndipo pamenepo chapafupi ndi mawaya. Chimene chimazimiriritsa mpanda ndi mitunda iwiri: kuchokera pa lenzi kufika pa mawaya pakhale pafupi kwambiri, kuchokera pa mawaya kufika pa nyama pakhale patali.

Yandikitsani lenzi ku mpanda mmene malamulo a pamalopo akulolera, ndipo pakati pa lenzi palunjike pa bowo, osati pa mphambano ya mawaya. Ngati pali chitsulo chotchinga anthu, musachidumphe. Nyani amatsomphola lamba wa kamera m'kuphethira kwa diso, ndipo chala chimene chalowa m'khola la mkango sichibwerera. Kokani zoom mpaka 300mm. Ikani kamera pa A kapena Av, n'kusankha nambala yaing'ono ya aperture (kukula kwa bowo lolowetsa kuwala mu lenzi), imene pa malenzi ambiri a mtunduwu imakhala f/5.6. Kenaka sankhani kadontho kamodzi ka focus (kamene kamauza kamera malo oyenera kuoneka bwino), mukaike pa diso la nyama. Kamera ikamabwererabe ku mawaya, zimitsani autofocus kuti isamasankhe yokha, muzipotokola nokha mkombero wa focus pa lenzi.

Tsono dikirani nyamayo isunthe mamita atatu kapena anayi kuchoka pa mpanda. Ikatsamira mawaya palibe lenzi imene ingawachotse, ngakhale yodula chotani.

Chinthu chimene ambiri amachiphonya ndi dzuwa. Mawaya akawombedwa ndi dzuwa amanyezimira, ndipo ngakhale atazimiririka amasiya chifunga choyera pa chithunzi chonse. Yendani m'mbali mwa mpandawo mupeze pamene pali mthunzi wa mtengo. Yang'ananinso kumbuyo kwa nyama, poti khola lili ndi mbali zinayi. Nthawi zambiri kugwada, kapena kusuntha mapazi awiri okha, kumachotsa khoma la simenti n'kubweretsa udzu. Kugwadako kuli ndi phindu lina: maso a nyama amafanana msinkhu ndi lenzi, ndipo chithunzi chimakhala ndi moyo kusiyana ndi chojambula msana kuchokera pamwamba.

Pa 300mm manja amanjenjemera kuposa mmene mukuganizira. Shutter, liwiro limene kamera imatsegula ndi kutseka pojambula, isatsike pansi pa 1/500 ya sekondi, ndipo kwa mbalame kapena apusi odumphadumpha ikhale 1/1000 kupita m'tsogolo. Kukada, kwezani ISO, nambala yowalitsa chithunzi, mpaka 800 kapena 1600. Chithunzi cha timchengamchenga tobwera ndi ISO yokwera chimakonzeka, koma chogwedezeka ndi chotaya.

A mafoni, njira iyi siyenda bwino kwa inu, chifukwa sensa ya foni, kachipangizo kolandira kuwala kuseri kwa lenzi, ndi yaing'ono ndipo imaonetsa bwino zapafupi ndi zapatali zomwe. Mwayi wanu ndi wakuti lenzi yanu ndi kakang'ono kotha kusuzumira pa bowo limodzi la mawaya, pamene pali pololedwa kuyandikira.

FUNSO: Nthawi zonse ndikapita ndimapeza nyama zili gone. Ndiziimbira likhweru kuti zidzuke? — Mnyamata wa ku Salima

YANKHO: Ayi, achimwene. Likhweru, kugenda kapena kuponya chakudya kumazunza nyama, ndipo chimene mungajambule ndi nyama yamantha yopinda makutu. Mkango umatha kupuma maola oyandikira 20 pa tsiku, ndiye kuupeza masana uli gone si tsoka. Fikani pa geti akamatsegula, kapena bwererani itadutsa 3 koloko masana, makamaka mu Okutobala ndi Novembala pamene kumatentha. Mu Juni ndi Julaye nyama zambiri zimatuluka m'mawa kukaothera dzuwa. Funsani osamalira nyama nthawi imene amazidyetsa, mufikepo kutatsala mphindi 15, chifukwa zimayamba kuyendayenda chakudya chisanafike. Ndipo sankhani makola atatu okha, pa lililonse muimepo mphindi 20.

FUNSO: Ku Johannesburg Zoo ndinajambula njoka za m'magalasi, koma pa chithunzi pakuoneka ineyo ndi kuwala koyera pakati. Ndinalakwitsa pati? — Mayi wa ku Johannesburg

YANKHO: Kuwala koyerako ndi flash, amayi, yagunda galasi n'kubwerera. Izimitseni, malo ambiri otere amailetsanso. Chithunzithunzi chanucho chimabwera chifukwa kumene mwaima kukuwala kuposa m'kati mwa khola. Pukutani zidindo za zala ndi kansalu, gundikizani lenzi kapena foni pa galasi mwakachetechete, ndipo tchingani m'mbali ndi dzanja kapena jekete lakuda. Malaya oyera ndiwo amaonekera kwambiri. Lunjikani mowongoka, chifukwa mukapendeketsa, galasi lochindikala limafewetsa chithunzi. Njoka sizigwedezekagwedezeka, choncho shutter ya 1/125 ikwana, ISO 1600 kapena 3200. Mababu otenthetsa khola amafiiritsa zonse. Sinthani white balance, imene imakonza mitundu ya pa chithunzi, mpaka khungu la njoka lifanane ndi limene maso anu akuona.

FUNSO: Ndimakonda kujambula maluwa ku Botanic Garden ya ku Zomba ndi foni. Ofiira amatuluka ngati utoto wotayika, mizere yake osaoneka, ndipo ndikayandikira kwambiri zonse zimachita mbuu. Thandizeni. — Mtsikana wa ku Matawale

YANKHO: Mwasankha malo abwino, achemwali. Munda umenewu anauyambitsa ndi Alexander Whyte mu 1891, ndipo mitengo yake ikuluikulu m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi imapereka mthunzi umene wojambula maluwa amaufuna.

Sensa imawerenga kufiira, kubiriwira ndi buluu padera. Duwa lofiira likakhala padzuwa, mbali ya kufiira imadzaza mpaka kusefukira, pamene foni, poona masamba akuda ozungulira, imaganiza kuti kwada n'kuwonjezera kuwala. Mizere imatayikira pamenepo, ndipo yatayika yatayika. Dinani pa duwalo, kenaka tsitsani kachizindikiro ka dzuwa mpaka mizere ibwerere. Pa kamera, tsitsani kuwala pa chizindikiro cha +/- mpaka -0.7 kapena -1. Duwa loyera likadzaza chithunzi chonse chitani mosemphanitsa, +0.7 kapena +1, apo ayi lituluka lotuwa.

Koma mankhwala enieni ndi kufewetsa dzuwalo. Ambulera yoyera, kapena nsalu yoyera yopyapyala imene mnzanu waigwira pamwamba pa duwa, imasintha chithunzi kuposa foni yatsopano. Pepala loyera mukaliika pansi limabweza kuwala m'kati mwa duwa. Tsiku la mitambo, ngakhale la chiperoni, ndi labwino kuposa la dzuwa lowala kuti phwee.

Za kuchita mbuu, lenzi iliyonse ili ndi malire. Mafoni ambiri opanda macro (njira yojambulira pafupi kwambiri) sagwira chinthu chimene chili pafupi kuposa masentimita 10. Bwererani pang'ono, mugwiritse ntchito 2x kapena 3x, koma musapitirire pamenepo chifukwa zoom yotambasula ndi zala imangodula chithunzi. Dinani osachotsa chala kwa kanthawi kuti focus ikhazikike pakati pa duwa, pamene pali mungu. Musaiwale kupukuta lenzi, poti foni yochoka m'thumba imakhala ndi mafuta. A makamera, pafupi chotere gawo looneka bwino limangokhala mamilimita ochepa, ndiye gwiritsani ntchito aperture ya f/8 kapena f/11. Kupitirira f/16 chithunzi chimayambanso kufewa.

Mphepo ndi mdani winanso. M'mawa isanakwane 8 koloko mpweya umakhala bata ndipo mame amakhala adakalipo. Mphepo ikayamba, kwezani shutter mpaka 1/500, n'kujambula zisanu kapena zisanu ndi chimodzi motsatizana ikangodukiza. Sankhani duwa limene kumbuyo kwake kuli mpata wa mita imodzi kapena iwiri, osati lotsamira masamba. Musathyole duwa kapena nthambi pofuna kuyeretsa chithunzi. Ipindeni pang'ono, mukatha muisiye.

Jacaranda akayamba mu Seputembala ndi Okutobala mudzaona vuto lina: maluwa ake amatuluka abuluu kwambiri, makamaka pamthunzi. Ikani white balance pa chizindikiro cha mtambo, ndipo mtundu wake weniweni ubwerera.