Ka buku ka "Reading 1847" kaja musakagule ngati koyambirira

Achimwene, mwafunsa ngati ka buku ka ndakatulo ka Sonnets from the Portuguese kolembedwa "Reading 1847" (ngati kuti kanasindikizidwa m'tauni ya Reading ku England mu 1847) komwe mwakaona pa intaneti n'koyambirira: ayi, si koyambirira, n'kachinyengo. Elizabeth Barrett analemba ndakatulozi cha mu 1845 ndi 1846 ali pa chibwenzi ndi Robert Browning, koma anazibisa, mwamuna wake anadzaziona mu 1849 ku Bagni di Lucca ku Italy atakwatirana kale, ndipo zinatuluka koyamba mu 1850 m'buku lake la Poems.

Ka 1847 aka anakapanga ndi Thomas J. Wise, wosonkhanitsa mabuku wa ku England, patapita zaka zambiri, ndipo mu 1934 John Carter ndi Graham Pollard, akatswiri a mabuku akale, anamugwira poyeza pepala, anapeza kuti ndi lopangidwa ndi mitengo m'njira yomwe mu 1847 kunalibe, zilembo zakenso zinali za mtsogolo. Ine nditawerenga izi tili ku koleji zinandipweteka kwambiri, chifukwa mayiyu anasunga mawu ake mwakachetechete zaka zonsezo wina n'kudzadyerapo.

Komabe ka Wise kenikeni nako anthu osonkhanitsa mabuku amakafuna, ndiye musanalipire kobili, kaonetseni kaye kwa katswiri wa mabuku akale.