Mwana akufuna kuphunzira saikoloje, bambo ake akuti ndi za ku Chainama

Kalata ya mlungu uno yachokera kwa mayi wina wa ku Katete. Mwana wawo wamkazi wamaliza giredi 12 ndipo akufuna kukaphunzira saikoloje ku UNZA, yunivesite ya Zambia. Bambo ake akukana, akuti amenewo ndi maphunziro osamalira amisala ku Chainama. Azakhali ake nawo ali ndi mantha awoawo, akuti mwanayo akadzabwerako azidzangokuyang'ana m'maso n'kudziwa zonse zili mumtima mwako. Ndiye mayiwo akufunsa kuti: "Kodi maphunzirowa ndi otani kwenikweni, nanga mwana wanga adzadya nawo?"

Amayi, za azakhali n'zosavuta. Auzeni agone tulo. Mtima wa mnzako ndi tsidya lina, ndipo palibe digiri imene inasintha zimenezo. Wophunzira saikoloje amadziwa za munthu pomufunsa, pomumvetsera ndi poona zochita zake, basi.

Abambo alasako pang'ono, koma pang'ono chabe. Ku Chainama Hills ku Lusaka kulidi anthu ophunzira saikoloje, koma amene amalemba mankhwala a matenda a maganizo ndi madokotala ndi ena ophunzira zachipatala. Mbali yaikulu ya saikoloje imaona za ife tomwe amene timadzitcha abwinobwino: mmene khanda limaphunzirira kulankhula, chifukwa chake timaiwala, chimene chimachititsa munthu wanzeru zake kutsatira gulu ngakhale akuona kuti lasokera.

Mwina munganene kuti agogo athu ankadziwa kale zonsezi. Zambiri ankazidziwadi. Kusiyana kwake n'kwakuti saikoloje siikhutira ndi mawu akuti "ndi mmene anthu alili." Imafuna kuyesa. Ambiri amati inayamba kuima payokha mu 1879, pamene Wilhelm Wundt anatsegula chipinda choyeseramo zinthu ku Leipzig, ku Germany, kumene ankayeza zinthu monga nthawi imene imapita munthu akamva kulira kwa chinthu mpaka atadina batani. Zooneka zachibwana, koma apo m'pamene panayambira chizolowezi choyeza m'malo mongolingalira.

Taonani zimene anachita Solomon Asch ku America cha m'ma 1951. Ankaika munthu pagulu n'kuonetsa onse mizere yojambulidwa papepala, kuti anene mzere wofanana kutalika ndi wina. Yankho linali loonekeratu. Koma ena onse pagulupo anali atauzidwiratu kuti apereke yankho lolakwika. Pafupifupi anthu atatu mwa anayi alionse anagonjera gululo kamodzi kapena kuposa, n'kukana zimene maso awo ankaona. Chimene chimandigwira mtima n'chakuti pagulupo pakapezeka munthu mmodzi yekha wonena zoona, kugonja kuja kunkachepa kwambiri. Amene munakhalapo pamsonkhano wa kopaletivu, nkhani ya feteleza ikupotozedwa anthu onse ali duu, mukudziwa mmene zimakhalira wina akangoimirira.

Palinso B. F. Skinner ndi nkhunda zake. Anapeza kuti nkhunda imene imalandira chakudya mwa apo ndi apo, osadziwa kuti chibwera liti, imapitiriza kujompha kwa nthawi yaitali ngakhale chakudyacho chitaleka kubwera. Mnyamata wopalasa njinga ku Kapata amene amathera ndalama za tsiku lonse pobetcha mpira pafoni sanalodzedwe ayi. Anawinapo kamodzi, ndipo kamodzi kameneko n'kamene kamukoka.

Koma poti ndinu a ku Katete, nkhani imene ndikufuna muwafotokozere abambo ndi ya Robert Serpell, amene anaphunzitsa saikoloje ku UNZA kwa zaka zambiri n'kudzakhala mkulu wa yunivesiteyo kuyambira 2003 mpaka 2006. M'zaka za m'ma 1970 iye anagwira ntchito m'midzi ya Achewa m'boma lanu lomwelo. Nthawi imeneyo mayeso oyezera nzeru ochokera ku Ulaya ankaonetsa ngati ana a kuno ndi otsalira, ndipo iye anakayikira mayesowo, osati anawo. Anafunsa akuluakulu a m'mudzi kuti pakagwa ntchito yofunika, angasankhe mwana uti pakati pa ana amene amawadziwa, nanga chifukwa chiyani. Akuluwo sankayang'ana kuchenjera kokha. Ankafuna mwana womva, wotumika, wokhulupirika. Ndipo ana amene iwo ankasankha kawirikawiri sanali omwe ankapambana pa mayeso a nzeru amene iye anawapatsa.

Anachitanso china chimene ndimachikonda kwambiri. Anapatsa ana a ku Zambia ndi a ku England ntchito yokopera zithunzi. Pogwiritsa ntchito pensulo ndi pepala, a ku England anapambana. Atawapatsa waya kuti apinde, a kuno anawasiya kutali, pajatu ndi ana okulira pa magalimoto a mawaya. Pa dongo anafanana. Zotsatirazi zinasindikizidwa mu 1979, ndipo palinso mayeso otchedwa Panga Munthu, pomwe mwana amaumba munthu ndi dongo m'malo molemba. Ineyo ndimaona kuti phunziro la pamenepa aphunzitsi ambiri silinawafikebe. Mwana akalephera papepala timafulumira kunena kuti ndi mbuli, osafunsa ngati tamuyesa ndi chinthu chimene manja ake anazolowera. Anthu oti azifunsa mafunso otere m'chinenero chathu, m'midzi yathu, ndi ochepa kwambiri, ndipo mwana wanu akhoza kukhala mmodzi wa iwo.

Tsopano za kudya, poti sindikufuna kukunamizani. Digiri yoyamba ya zaka zinayi siimusandutsa katswiri wothandiza odwala maganizo. Pamafunika kuwonjezera maphunziro, ndiye kuti ndalama zina ndi zaka zina. Ntchito sizimudikira pakhomo ngati mmene ambiri amaganizira za unamwino kapena uphunzitsi, ngakhale kuti masiku ano amenewonso akuvutika kulembedwa. Omaliza maphunzirowa amapezeka ku uphungu m'masukulu ndi m'zipatala, ku mabungwe oona za ana, za HIV ndi za nkhanza za m'banja, ku maofesi olemba anthu ntchito, ndi ku kafukufuku. Dziko lathu linakhazikitsa lamulo latsopano la umoyo wa maganizo mu 2019, lolowa m'malo mwa lakale la nthawi ya atsamunda, choncho nkhaniyi yayamba kumveka, koma lamulo si malipiro.

Musanakangane ndi abambo, khalani pansi ndi mwanayo mumufunse chimene chamukoka. Ngati yankho lake n'lakuti anzake amakonda kumuuza mavuto awo, n'zabwino, koma adziwe kuti kumeneko adzakumana ndi masamu a kafukufuku, maphunziro a ubongo ndi mabuku ambirimbiri a Chingerezi. Ambiri amapitako poganiza kuti athawa masamu, n'kukawapeza akuwadikira. Apite kwa aphunzitsi olangiza ana pasukulu imene anamaliza, aone ngati magiredi ake akufika, ndipo ngati n'kotheka acheze ndi aphungu a pachipatala cha St Francis kapena pachipatala chachikulu cha Chipata, amve kwa eni ake mmene tsiku lawo la ntchito limathera. Pokacheza kumeneko, abambo apite nawo.